Buku la Kazembe Slim ndi Akeyala Osachulidwa Maina

Buku limene tifuna kuliyesa m'masamba ano ndi la Cingerezi, lolembedwa ndi msilikali, ndipo linena za nkhondo imene inamenyedwa kutsidya kwa nyanja yamcere. Dzina lake ndi Defeat into Victory, ndiko kunena kugonja kumene kunasanduka kupambana. Analilemba William Slim, kazembe wa Angerezi amene anatsogolera nkhondo ya ku Burma pomenyana ndi Ajapani, ndipo linasindikizidwa mu 1956. Mpaka lero masukulu a usilikali a maiko ambiri amawerengetsa ophunzira ao bukuli. Koma wina afunsa: nanga za ku Burma zitikhudza bwanji ife a ku Mecanhelas, poti ngakhale Apwitikizi amene anali kutilamula masiku amenewo sanalowe nao nkhondoyo?

Yankho lili pa malire. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anapangana mu 1891 anatsata gombe la kum'mawa la Chiuta ndi Chilwa, nadula pakati pa mabanja. Tsidya lija kunali Zomba, kwao kwa King's African Rifles, amene makolo athu anali kuwachula Keyala. Ayao, Alomwe ndi Anyanja ndiwo anali oculuka m'mabataliyoni a Nyasaland, ndipo Alomwe ambiri a ku Nyasaland anali obadwira mbali ino kapena ana a anthu othawa mbali ino. Kuyambira 1938 boma la Apwitikizi linalimbitsa thonje lokakamiza. Cibalo cinalipo kale, mbalamatodya inalipo kale. Mnyamata woona asipayi akulowa m'mudzi anali ndi njira imodzi yapafupi, ndiyo bwato la usiku. Atafika tsidya lija, ena anapita ku minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo, ena analembetsa Keyala. Conco bukuli likamanena za asilikali a ku East Africa, pakati pao pali amalume ndi agogo a anthu amene tipemphera nao Lasabata.

Tinene msanga maganizo athu. Bukuli ndi labwino, ndipo ubwino wake sitiubisa. Koma mlandu wathu nalo ndi uwu: munthu amene anadziwa kusamala thupi la msilikali wamba sanasamale dzina lake.

MUNTHUYO ANALI YANI

Slim anabadwa ku Bristol mu 1891, caka comweco ca malire athu, nakulira ku Birmingham. Makolo ake analibe cuma ca kumlipirira sukulu ya maofisala. Anayamba nchito ngati mphunzitsi wa ana a amphawi, pambuyo pake nakhala kalaliki pa kampani ya mapaipi a citsulo. Nkhondo ya 1914 ndiyo inamtsegulira khomo. Anavulala koopsa ku Gallipoli mu 1915, navulalanso mu 1917 ku Mesopotamia, kumene kuli Iraq lero. Nkhondo itatha analowa gulu lankhondo la ku India, popeza kumeneko ofisala wopanda cuma ca kwao anali kutha kukhala ndi malipiro ake okha. Mu 1920 anapatsidwa malo pakati pa Agurkha, m'gulu la 6th Gurkha Rifles.

Agurkha ndi anthu a kumapiri a Nepal. Angerezi anamenyana nao kuyambira 1814 kufikira 1816, naona kulimba kwao, nayamba kuwalemba usilikali, ngakhale dziko lao silinalowe mu ufumu wa Britain. Tione bwino pamenepa. Mgurkha anali mlendo wogwira ganyu ya mfuti kwa mfumu yosakhala yake, monga analili Mlomwe wa mbali ino atavala yunifomu ku Zomba. Ngakhale kuno kwathu anafikako: mu 1993 Agurkha opuma usilikali anali kuzula mabomba okwirira m'misewu ya ku Sofala. Slim anaphunzira cilankhulo ca anthu amenewa, nawakonda, ndipo mu 1938 anakhala mkulu wa bataliyoni yaciwiri ya 7th Gurkha Rifles.

Nkhondo yaciwiri itabuka, ulendo wake woyamba unalephera pa Gallabat, pa malire a Sudan ndi Ethiopia, mu Novembala 1940. Mu Januwale 1941 ndege inamuombera ku Eritrea, bala lacitatu. Atacira anamenya nkhondo ku Iraq, Syria ndi Iran. Mu Malici 1942 anatumidwa ku Burma kukatenga gulu limene linali litayamba kale kuthawa, ndipo akazembe awiri amene anawapeza pansi pake, Cowan ndi Scott, anali anzake akale a ku 6th Gurkha Rifles. Anabwerera nao m'mbuyo makilomita okwana ngati 1,400 kufikira ku India. Mu Okutobala 1943 anapatsidwa gulu latsopano la Fourteenth Army. Mu 1944 gululi linathyola Ajapani pa Imphal ndi Kohima, mu Malici 1945 linatenga Meiktila ndi Mandalay, ndipo mu Meyi caka comweco Rangoon inagwa. Pambuyo pa nkhondo Slim anakhala mkulu wa gulu lonse lankhondo la pamtunda la Britain kuyambira 1948 kufikira 1952, ndi bwanamkubwa wa Australia kuyambira 1953 kufikira 1960. Anamwalira mu 1970.

PAMENE BUKULI LICITA BWINO

Coyamba, ndi buku la munthu wobvomera zolakwa zake. Paja amati fumbi ndiwe mwini, ndipo mabuku a akazembe ambiri ndi fumbi lokhalokha: akapambana ndi nzeru zao, akagonja ndi mvula, ndi boma, ndi ofisala wina amene sanamve. Slim sanatero. Gawo loyamba mwa magawo 6 a bukuli analipatsa dzina la kugonja, ndipo m'menemo aonetsa mmene Ajapani anali kuwaposera nzeru: kuzungulira m'nkhalango, kutseka msewu kumbuyo, ndi kusiya gulu lodalira magalimoto lilibe kolowera. Pofika pa 1944 abvomera kuti anacedwa kubweza gulu lake limodzi kucokera ku Tiddim, ndi kuti pa Kohima anayembekeza adani ocepa pamene kunabwera divijoni yathunthu. Akulu a mpingo, mafumu ndi a boma angaphunzirepo kanthu pa kalembedwe kotere.

Caciwiri ndi nkhani ya malungo, imene ife a m'madambo tiimva msanga. Iye awerenga kuti mu 1943, pa munthu mmodzi wocotsedwa kunkhondo cifukwa ca bala, anthu 120 anali kucotsedwa cifukwa ca matenda. Mankhwala analipo, mapiritsi acikasu a mepacrine, koma asilikali anali kuwataya, poti anali kusandutsa khungu cikasu ndipo mphekesera inali yakuti amapha mphamvu ya m'banja. Slim sanasiyire madokotala okha nkhaniyi. Analamula kuti magulu aziyesedwa mwadzidzidzi, ndipo pamene opezeka atamwa anali osakwana 95 pa 100, wocotsedwa nchito anali mkulu wa gululo, osati msilikali. Anacotsa atatu, otsalawo namva. Anaikanso zipatala za malungo pafupi ndi kunkhondo, kuti wodwala asatumizidwe ku India kukatha miyezi. Phunziro lake ndi lakuti matenda a anthu ndi mlandu wa mtsogoleri wao.

Cacitatu, afotokoza cimene cimalimbitsa mtima wa gulu, naika maziko atatu mwa ndondomeko iyi: a mzimu, a nzeru, ndi a zinthu zogwirika. Munthu ayenera kukhulupirira kuti cimene amenyera ndi coyenera. Ayenera kuona ndi nzeru zake kuti cingatheke ndi kuti moyo wake sudzatayidwa cabe. Ayenera kuona kuti akucitiridwa cilungamo pa cakudya ndi zida. Slim ananena yekha kuti mzimu umene akamba suli wa cipembedzo monga tiudziwa ife, ndipo pamenepo tisiyana naye. Koma tiyamika kuti anatsikira ndi mau amenewa kwa ophika, oyendetsa nyulu ndi okonza misewu, akuyankhula m'Cingerezi, m'Ciurdu ndi m'Cigurkha, ataima pa galimoto.

Cacinai sitingacidumphe, popeza cikhudza Aafrika. Ataona gulu la ku West Africa, Slim anadabwa kupeza azungu 50 kapena 60 m'bataliyoni imodzi, pamene bataliyoni ya ku India inali kuyenda ndi azungu 7 kapena 8. Anakayika ngati onsewo anali ofunika, naona kuti kuculuka kwao kunali kupondereza masajeni acikuda, kuti asaphunzire kuganiza okha ndi kutsogolera anzao. Pa nthawi imene ambiri anali kunena kuti wakuda sangayende popanda mzungu kutsogolo, mau amenewa anali a munthu wa maso.

CIGWA CA KABAW

Tsopano tifike pa masamba amene ali athu. Ajapani atathyoka pa Imphal mu Julaye 1944, anathawira ku mtsinje wa Chindwin. Kale nkhondo ya ku Burma inali kupuma m'dzinja, pakuti mvula ya kumeneko imasandutsa misewu phala. Slim anatsimikiza kuti caka cimeneco sipadzakhala kupuma. Njira imodzi yotsatira adani inali cigwa ca Kabaw, cimene asilikali anacicha cigwa ca imfa, cifukwa ca malungo ndi nthenda ina ya malungo oopsa yobwera ndi nthata za m'chire. Gulu limene analitumiza kumeneko ndi 11th East African Division, pansi pa kazembe Fowkes. M'gululi munali mabataliyoni a Kenya, Uganda, Tanganyika, Northern Rhodesia ndi Nyasaland.

Anayamba pa Tamu mu Ogasiti 1944. Anayenda m'matope, akusenza katundu pamutu pamene magalimoto anatitimira, akumanga milatho imene madzi anali kukokolola, cakudya cikuponyedwa kucokera m'ndege. Pa phiri lililonse Ajapani anali atakumba maenje, osafuna kugwidwa amoyo. Pakati pa Novembala anakumana ndi gulu la Amwenye pa Kalemyo, ndipo pa 2 Disembala analowa Kalewa, m'mbali mwa Chindwin. Pa 10 Disembala mlatho woyandama wa mamita ngati 350 unatha kumangidwa pamenepo, wautali koposa mwa milatho ya mtundu wake pa nthawiyo. Pa mlatho umenewo ndi pamene panadutsa magulu opita ku Mandalay.

Slim ayamika nchito imeneyi, inde. Koma taonani cifukwa cimene Aafrika anasankhidwira cigwaco: panali ciyembekezo cakuti malungo sawagwira monga agwirira azungu ndi Amwenye. Abale, ife tikhala pakati pa Chiuta ndi Chilwa. Tidziwa kuti wamkulu wokulira m'dambo amapirirako malungo a kwao. Tidziwanso manda a ana amene tawaika cifukwa ca malungo omwewo. Kupirira si kusadwala ai. Ndipo nthenda ya nthata ija siinafunse mtundu wa munthu. Munthu yemweyo amene analemba kuti msilikali ayenera kuona kuti moyo wake sutayidwa cabe, ndiye anatumiza anthu ku cigwa ca imfa powerengera khungu lao, ndipo pa ici bukuli silidzifunsa funso lililonse. Pa Tiddim ndi pa Kohima anadziyesa. Pa Kabaw sanadziyese.

Ndipo nkhani yonse ya miyezi inai ya m'matope itha m'masamba owerengeka. Maina amene amveka ndi a akazembe ndi manambala a magulu. Keyala aoneka ngati mtsinje wodutsa: alowa m'cigwa, atulukira ku Kalewa, basi, nkhani ipita kwa ena. Sitimva kuti anali kuyankhula ciani usiku. Mabataliyoni a Nyasaland anali kulamulidwa m'Cinyanja. Cilankhulo cimene mukuwerengaci cinamveka m'mbali mwa Chindwin. Munthu amene anaphunzira Cigurkha kuti amve mtima wa Mgurkha analibe khutu lotero kwa Mnyanja.

MITUNDU YA NKHONDO

Wina adzati: koma kazembe wa anthu mazana a zikwi angachule bwanji msilikali mmodzimmodzi? Nzoona, sangathe. Koma vuto lili pa muzu wina, ndipo muzu umenewu uoneka ngakhale m'cikondi cake ca pa Agurkha.

Gulu lankhondo la ku India, kumene Slim analeredwa, linali ndi ciphunzitso cakuti mitundu ina inabadwira nkhondo, ina inabadwira khasu kapena colembera. Agurkha ndi Asikh anali m'gulu loyamba. Ciphunzitso cimeneci cinafika pakhomo pathu kale Slim asanavale yunifomu. Harry Johnston anabweretsa Asikh ndi maofisala a ku India mu 1891. Ndiwo anathyola Kawinga pa phiri la Chikala mu 1895, ndipo mu 1899 asilikali a ku Zomba anagwirizana ndi Apwitikizi kumenya Nkwamba, mbali ino ya malire. Atatha kugonjetsa Ayao, Angerezi anatembenuka nati Ayao ndiwo mtundu wa nkhondo, nayamba kuwalemba usilikali, monga anacitira ndi Agurkha. Alomwe anali kuwayesa anthu a khasu ndi a mtengatenga, kufikira pamene anasowa anthu. Pamenepo Mlomwe nayenso anapezeka kuti adziwa mfuti.

Kuyamika kotere kukoma m'khutu, koma nkuyamika kumene mlimi ayamika nako ng'ombe ya pagoli. Kuyamika mtundu, osati munthu. Kubisanso cimene cinatulutsa mnyamatayo m'mudzi, ndico umphawi wa kumapiri a Nepal, msonkho wa ku Nyasaland, ndi thonje la kuno. Bukuli likondwera ndi kulimba mtima ndi nthabwala za Agurkha, koma silifunsa kuti nanga cifukwa ciani Mgurkha wa imvi, wa maudindo ake, anali pansi pa mnyamata wa ku England wongotuluka kumene kusukulu. Kwa Keyala denga linali lotsika koposa. Pa nkhondo yonseyo akuda pafupifupi onse sanali kupitirira usajeni-meja, ndipo cikoti, cimene gulu lankhondo la Britain linaleka kwa azungu mu 1881, kwa asilikali acikuda cinathetsedwa mu 1946.

Komabe pakati pa alendo awiriwa pali kusiyana. Agurkha maina ao ena dziko liwadziwa. Ganju Lama ndi Tulbahadur Pun mu Juni 1944, ndi Lachhiman Gurung amene anataya dzanja lamanja mu Meyi 1945, analandira Victoria Cross, mendulo yoposa zonse ya Angerezi. Msilikali wakuda wa Keyala sanailandirepo. Amene anailandira m'Keyala anali azungu, monga Alexander Cobbe mu 1902, amene dzina lake lili pa kampu ya asilikali ku Zomba.

MALIPIRO A PA MAPETO

Bukuli litha ndi kupambana, ndi maganizo a wolemba pa nkhondo za m'tsogolo. Za tsiku logawa silinena. Koma mlandu suola. Mu 2019 zolembedwa za boma la Britain zinaululidwa zoonetsa ndalama zothokozera asilikali a ku East Africa nkhondo itatha: msilikali wamba wacizungu analandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda masheleni 3 ndi theka. Matope anali amodzi, cipolopolo cinali cimodzi, koma mbale zinali ziwiri. Slim sindiye anaika malipiro amenewa. Koma ndiye analemba kuti maziko acitatu ndi cilungamo ca pa zinthu zogwirika, ndipo ndiye anali mkulu wa gulu lonse pamene Keyala a ku Nyasaland anatumidwanso kunkhondo ya ku Malaya mu 1952, kukamenya pamodzi ndi Agurkha omwewo. Anali ndi pakamwa pomveka, ndipo bukuli linatuluka zaka 11 nkhondo itatha.

Agurkha naonso anapatsidwa penshoni yocepa poyerekeza ndi anzao acizungu, koma iwo anamenya nkhondo ya mapepala. Anapita kumakhoti, anayenda m'misewu ya London, ndipo mu 2009 amene anapuma usilikali cisanafike caka ca 1997, atatumikira zaka 4, analoledwa kukhala ku Britain. Mu 2021 ena a iwo anadzimana cakudya masiku 13 pafupi ndi nyumba ya nduna yaikulu, podandaula za penshoni. Anatha kutero cifukwa anali ndi nambala, kaundula, mabungwe, ndi anthu odziwa kulemba. Nanga Keyala wobwerera ku Mecanhelas? Anabwerera ku boma limene nkhondoyo siinali yake. Akanapita kwa administradori kukadandaula za ndalama za Mngerezi, funso loyamba likanakhala lakuti anatuluka m'dziko ndi cilolezo ca yani.

Kuiwalika kotere sikunayambe mu 1945. Mu 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth linabvomera kuti anthu osacepera 116,000, ambiri a iwo Aafrika, amene anafa pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918, sanalembedwe maina pa cikumbutso ciliconse. Nkhondo imeneyo inadutsa m'dziko lino, kuyambira pamene Ajeremani anaoloka Rovuma mu Novembala 1917 kufikira pa Lioma mu Ogasiti 1918, ndipo osenza katundu wake anali anthu a m'midzi.

MUYESO WINA

Ife tili ndi buku lina la mbiri ya nkhondo, limene tiliwerenga pa guwa. Pa 1 Samueli 30 Davide abwerera ndi zofunkha, ndipo ena mwa anthu ake akana kugawira anzao 200 amene anatsala pa mtsinje cifukwa ca kutopa. Davide akana maganizo amenewo, naika lamulo lakuti wotsala pa katundu ndi wopita kunkhondo agawane mofanana. Pa 2 Samueli 23 pali kaundula wa ngwazi za Davide, munthu ndi dzina lake ndi kwao. M'kaundulamo muli alendo, monga Zeleki wa kwa Amoni, ndipo dzina lotsiriza ndi la Uriya Mhiti, mlendo amene mfumu inamlanda mkazi, nimuika pamalo oopsa kuti afe. Dzina limenelo likanakhala losavuta kulifafaniza. Linatsala cifukwa mbiriyo siinasiyidwe m'manja mwa mfumu yokha, ndipo panali Natani.

Ici ndico cisowa ca buku lililonse limene wamkulu adzilembera. Ngakhale abvomere zolakwa, asankha yekha zimene adzabvomera. Kuyambira mu 2007 amuna ena amene analeredwa pa sukulu ya Fairbridge ku Molong, ku Australia, ananena kuti Slim anawagwira mosayenera ali ana, pamene anali kuyendera sukuluyo ngati bwanamkubwa. Mwini wake anali atamwalira, a banja lake anakana, ndipo nkhaniyo siinaweruzidwe m'khoti. Koma mu 2019 akuluakulu a mzinda wa Canberra anagamula zocotsa dzina lake pa msewu wina. Ife sitikhala pa mpando wa woweruza. Tingoona kuti mau a ang'onoang'ono amafika mocedwa, ndipo akafika, mbiri imene inaoneka yotha imatsegukanso.

NCHITO YATSALIRA IFE

Kodi tinene kuti bukuli lisawerengedwe? Iai. Aphunzitsi athu odziwa Cingerezi aliwerenge, ndipo atsogoleri atengepo za malungo zija ndi za kubvomera kulakwa. Koma aliwerenge monga timvera mboni imodzi pabwalo, podziwa kuti mboni inzake siinaitanidwe.

Ndipo tisayembekeze kuti ku London kudzabadwa wina wotilembera mboni imeneyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 mu 1944 lero wapitirira zaka 100, conco eni nkhani anatha pafupifupi onse. Koma ana ao alipo, ndipo mabokosi alipo. Akeyala ambiri anaphunzira kuwerenga m'usilikali momwemo, nalemba makalata opita kwao. M'nyumba zina mungapezeke kabuku ka usilikali, mendulo yooneka ngati nyenyezi, cithunzi, kapena nambala yokha imene agogo anali kuichula ngakhale atakalamba. Ophunzira a sukulu za kwaca, amene afunsa kuti tikadziwa kulemba tidzalemba ciani, nayi nchito. Lembani dzina limene munthuyo anabadwa nalo, ndi dzina limene analembetsa ku Zomba ngati linali lina. Lembani mudzi wake weniweni ndi mfumu yake, caka cimene anaoloka, ndi cimene cinamuolotsa. Lembani ngati anabwera, anabwera ndi ciani, ndipo anagona kuti. Wosabwera, lembani dzina la mai ake amene anamdikira. Musakometse, musaonjeze, pamene a m'banja asiyana mau, lembani mau onse awiri. Mapepalawo aperekedwe kwa mlembi wa mpingo, asungidwe pamodzi ndi kaundula wa ubatizo, kumene ciswe sicifika.

Pali cifukwa cina cofulumirira. Nkhondo ya ufulu ya 1964 kufikira 1974, ndi nkhondo ya zaka 16 imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, nazo zili ndi akazembe ao, ndipo akazembewo ali ndi owalembera. Koma amai amene anasenza ufa ndi zipolopolo pamutu, anyamata amene anatengedwa kumunda, ogwira nchito pa njanji ya Entre-Lagos, ndi mabanja amene anaolokera ku Machinga ndi mphika umodzi, ambiri a iwo akali moyo, ndipo akhala nafe pa benchi limodzi. Tikacedwa monga tinacedwera ndi a ku Burma, adzukulu athu adzawerenga kuti anthu a m'dera lakuti anavutika kwambiri, mzere umodzi, m'buku la munthu wina. Tiyambe ndi okalamba a mumpingo mwathu, dzinja lino lisanathe.